Diresi la Mnzanga pa Khoma la ku Italy

Kamzinda kaja ndinakapeza ndine pa foni, tili pa bureki kuntchito, kunyumba yosamalirako okalamba. Kali ku Italy, pamwamba pa phiri, kozunguliridwa ndi khoma la miyala lakalekale. Ndinamuika foni pamphuno mnzanga amene tinkagona naye chipinda chimodzi ku Handsworth, kunja kuno kumene tinabwera kudzagwira ntchito.

"Mwali, taona, anthu akuyenda pamwamba pa khoma ngati pamsewu."

"Iwe ngakhale ku Telford, tauni yapafupi pompa, sunafikeko," anatero. Koma amene anadzaza foni ndi mavidiyo ake ndi iyeyo.

Tinasoketsa madiresi awiri a chitenje chimodzi, ofanana ngati a pa ukwati, oti tikajambulitse pakhomapo. Kenako kampani imene inamubweretsa kuno anailanda layisensi. Anasaka ntchito ina mpaka nthawi yololedwa kukhala m'dziko muno inamuthera, n'kubwerera ku Lilongwe. Diresi lake analisiya mu wadiropu.

Ine ndinapitabe. Viza inali itatuluka, holide atandipatsa kale, ndiye ndikanatani? Diresi lake ndinalitenga m'chikwama kuti nalonso likafike.

Malowo ndi okongola, sindinama. Geti lake laling'ono moti basi imakutsitsira kunja. Tinjira topanikizika, zovala zoyanika m'mawindo, belu la tchalitchi likulira, kumunsi minda ya mphesa yokhayokha. Ndinavala diresi langa, ndinakwera pakhoma, lake ndinaliyala bwinobwino pamiyala pambali panga, n'kumuimbira vidiyo.

Anayankha ali panja kwa achimwene ake, manja ali thovu, akuchapa. Ine pakamwa mbwee, kuno taona, uko taona, foni ndikuizunguza. Iye anasiya kuchapa n'kufunsa:

"Icho n'chiyani pamiyalapo?"

"Lako, mwali. Ndabwera nalo."

Anapukuta manja pachitenje. "Zovala amayala choncho pogawa za malemu. Ine sindinafe. Ndangobwerera kwathu."

Ndinati ndifotokoze, koma anali atadula. Ndinaimbanso, sanayankhe. Mzungu wina wachikulire anaima n'kulozera foni yanga, kufunsa ngati andijambule. Ndinangovomera. Chithunzicho ndili nacho, ndikumwetulira ngati munthu wabwinobwino.

Mpaka pano ndimamulembera ndili mu basi popita ku shifiti. Amawerenga, ndimaona kuti wawerenga, koma sayankha. Diresi lija lili mu wadiropu. Ndinamufunsa ngati ndimpatsire munthu wopita kumudzi, nazonso anangowerenga.