Ndinali Maso a Malume Ngozo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinayamba kuyeza madzi m'dziwe losambiramo la malume anga, a Ngozo. Iwo anali atabwerera ku Biriwiri kuchokera ku Joni, komwe anakhala zaka zambiri. Poyamba ankagwira mumgodi, ndipo chifuwa chitayamba kuwavuta anapeza ntchito yosamalira maiwe osambiramo m'makomo mwa anthu olemera. Atafika kumudzi anamanga nyumba ya malata, kuseri kwake n'kukumbitsa kadziwe ka simenti. Anthu anawaseka. Ena ankati pamalopo akanangobzalapo kachewere, ena ankati Joni yawazunguza mutu. Koma dzuwa la Okutobala likafika, ana a anthu omwewo ankadzaza pampanda, kusuzumira madzi.

Maso a malume anali atachita ng'ala. Ankayenda okha bwinobwino, koma mitundu ya zinthu sankaisiyanitsanso. Pomwe kuyeza madzi kumadalira mtundu. Umatunga madzi m'kabotolo, n'kuponyamo kapiritsi, madziwo n'kusanduka pinki. Kenako umayerekeza pinkiyo ndi mabokosi a pakhadi, kuyambira wotuwa mpaka wakuda bii, kuti udziwe kuchuluka kwa klorini, mankhwala ophera tizilombo m'madzi.

Anandiphunzitsa modekha, atakhala pampando wawo wachitsulo. Kabotolo uzikatsukuluza kaye ndi madzi a m'dziwe momwemo. Usatunge pamwamba, lowetsa mkono mpaka m'chigongono, kutali ndi paipi yolowetsa madzi. Piritsi usalikhudze ndi chala. Khadi uziliona pamthunzi, kumbuyo kwake utaikako pepala loyera, ndipo uziwerenga nthawi yomweyo. Panalinso china chimene ananena kawiri konse.

"Esinati, ukaona pinki wabwera n'kuthawa nthawi yomweyo, madzi n'kuyera mbee, usanene kuti mankhwala mulibe. Amakhala kuti achuluka mpaka afufuta mtundu. Zikatero, thira theka la madzi a pamjigo m'kabotolo, uyezenso. Wamva?"

"Ndamva, Malume."

Ndinkanyadira ntchitoyo. Anzanga kusukulu ankanditcha dokotala wa madzi, ndipo ine sindinkakana.

Sabata ina malume anapita ku Manjawira kumaliro a mnzawo wa kumgodi, ndipo anakhalako masiku atatu. Anandisiyira makiyi a kachipinda kosungiramo mankhwala, n'kundiuza kuti ndiziyeza m'mawa uliwonse ndi kuyatsa pampu. Loweruka lake anali ataitana ana a Sande sukulu ya kutchalitchi kwathu kuti adzasambe. Ine masiku atatu onsewo ndinathera ku fulaye. Lachisanu masana nditapita kukaona, madzi anali atachita mbuu, m'makona mwayamba ndere. Ndinatsegula chidebe cha klorini, n'kuyamba kuwaza ufawo ndi kapu, osawerenga. Ndikukumbuka mmene unkandiyabwira m'mphuno, ndi mmene ndinkadziuzira kuti ndikungokonza zinthu.

Loweruka m'mawa malume, atabwerako kumaliro, anakhala pampando wawo, ine n'kugwada m'mbali mwa dziwe. Ndinachita zonse mwa dongosolo, chifukwa ankamvetsera. Nditaponya piritsi, pinki anatuluka ngati moto wa machesi, n'kuzima. Madzi anatsala oyera.

"Waona chiyani?"

Ndinadziwa bwino lomwe chimene ndinaona. Koma ndikananena, akanafunsa kuti mankhwala achuluka bwanji, ndipo nkhani ya masiku atatu aja ikanatuluka. Kusambako kukanalephereka, ndipo anzanga onse akanadziwa kuti dokotala wa madzi ndiye wasokoneza.

"Ayera, Malume. Mulibe mankhwala."

Anatukula mutu, n'kununkhiza. "Koma fungoli likundiuza zina. Pinki sanabwere n'kuthawa?"

"Ayi, Malume."

"Chabwino. Mphunozi zinatha ndi fumbi la mumgodi. Iwe ndi amene ukuona." Ananyamuka, n'kuthiramo makapu ena awiri ndi manja awo. Masana anandituma kukayezanso. Ndinangoviika kabotolo, osaponyamo n'komwe piritsi, n'kufuula kuti pinki ali pakati, pamene amafunika.

Ana anabwera khumi ndi mmodzi, ena ndi makabudula a sukulu, ena ndi mapitikoti. Anadumphiramo ndi phokoso la chisangalalo. Ine ndinati ndikumva mutu, ndinakhala pakhonde. Mpaka lero, pa zonse za tsikulo, chimenechi ndicho chimandiwotcha kwambiri: thupi langa ndinaliteteza.

Sipanapite nthawi, ana anayamba kutuluka akutikita m'maso. Maso anali psuu, khungu likuwayabwa. Koma Tadala, kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi ka anansi athu, komwe kanali kale ndi mphumu, kanayamba kutsokomola osalekeza, mpweya ukulira m'chifuwa ngati wenzulo. Anakakulunga m'chitenje n'kuthamanga nako kuchipatala panjinga yamoto. Kanagonekedwa masiku awiri.

Madzulo ake makolo anasonkhana pabwalo la malume. Amake Tadala, atabwera kuchokera kuchipatala kudzatenga bulangete, anaima pakati.

"A Ngozo, munthu wosaona amaitana bwanji ana a eni ake kudzasamba m'mankhwala? Za ku Joni zanuzi mukufuna mutiphere nazo ana?"

Ine ndinali nditaima pafupi ndi chitseko. Ndinayembekeza kuti anditchula. Malume anavula chipewa, n'kuchigwira ndi manja awiri.

"Mwanena zoona, mayi. Mankhwala ndathira ndine. Ndalakwa, mundikhululukire."

Sananditchule. Nanenso sindinatsegule pakamwa.

M'mawa mwake, tisanapite kutchalitchi, anandiitanira kuseri. Anandipatsa kabotolo ndi kapu ya madzi a pamjigo, n'kundiuza kuti ndisakanize theka ndi theka. Pinki anatulukanso n'kuthawa. Tinasungunula kachiwiri, ndipo apo m'pamene mtundu unakhazikika, wakuda kuposa bokosi lomaliza la pakhadi. Ndinawauza. Kenako ndinawauza zonse, za fulaye, za ndere, za makapu osawerenga, ndikulira mpaka mamina.

Sanandimenye. Bwenzi zitandipepukira akanandimenya.

"Chidebe ndinachinyamula dzulo madzulo, ndinamva kupepuka kwake," anatero. "Kulakwitsa kuthira si nkhani, mphwanga. Ine ndinalakwitsapo kambirimbiri. Ukanandiuza, tikanapungula madzi, ana akanasamba sabata yamawa. Koma ndinakufunsa kawiri."

"Nanga bwanji simunawauze anthu kuti ndine?"

"Ndinaika katundu wa munthu wamkulu pamutu pa mwana. Mbali imeneyo ndi yanga, ndipo ndainena. Yakoyo uinena wekha, ukafuna."

Sindinainene. Sabata imeneyo ndinkati ndinena Tadala akachira. Atachira, ndinati nkhani yazizira, kuidzutsa n'kupweteka anthu. Ana sanabwerenso kudzasamba. Chaka chotsatira malume anaphwetsa dziwe lija, n'kumasungiramo chimanga chosatonola. Pamsika wa Lizulu ndinamvapo amayi ena akuwaloza, akuti ndi aja anafuna kuchititsa khungu ana a eni. Ndinatembenukira kumbali, ngati ndikusankha tomato.

Malume anamwalira ndili ku sekondale. Chaka chatha, nditapita kumudzi ndi ana anga, ndinakumana ndi amake Tadala akuchokera kudimba, atakalamba, khasu lili paphewa. Ndinawalonjera, ndipo mawu amene ndinawasunga zaka zonsezi anangotuluka. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anatsitsa khasu pansi.

"Ndiye ukundiuza lero kuti nditani nazo, mwanawe? Munthu amene ndinamutukwana uja ndikamupeza kuti?"



Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti tchimo langa linali bodza la m'mawa uja, la mwana wamantha. Tsopano ndikuona kuti limenelo linali laling'ono. Lalikulu ndinkalichita tsiku ndi tsiku pambuyo pake, pamene mantha anali atatha kale, ine n'kumadya, n'kumaseka, munthu wina atasenza manyazi anga. Choonadi chili ndi nthawi yake yogwira ntchito. Changa ndinachibweretsa pamene sichikanathanso kuchotsera malume anga chitonzo, koma kungoonjezera chisoni kwa mayi wokalamba amene anali ndi ufulu wonse wokwiya tsiku lija.