Anatsekera pa Dzanja la Achimwene

Sukulu yathu inali m'tchalitchi. Lamulungu tinkapempheramo, Lolemba ankaimikamo mphasa kuti makalasi asaonane, koma kumvana kokha tinkamvana bwinobwino. Inali sukulu ya mishoni, chapakati pa Chileka ndi Lirangwe, m'zaka za Chitaganya zija, pamene akuluakulu akakumana pamsika nkhani inkangokhala ya Azungu a ku Halale. Ine ndinali mu Sitandade 3, kamtsikana kolongolola kosatha mawu. Kuseri kwa mphasa kunali Sitandade 6, ndipo kumeneko kunali achimwene anga.

Achimwene anali ochepa thupi, miyendo ngati bango, koma mutu wawo unali wina. Abambo, omwe anali mkulu wa mpingo komanso mesenjala kubwalo la ndege ku Chileka, anali atawakonzera kale tsogolo: akhoze mayeso a Sitandade 6, apite ku sekondale, adzakhale kalaliki. Ankati iwo atopa kunyamula mapepala olembedwa ndi anthu ena, mwana wawo azidzalemba yekha. Zilembo za achimwene zinalidi zosiririka, moti aphunzitsi ankawatuma kulemba nyimbo pabolodi. Nyumba yonse inkayang'ana dzanja limenelo. Ngakhale nkhwangwa amayi ankawaletsa kugwira, nkhuni ndinkawaza ndine, ndipo ndinkadandaula mokweza tsiku lililonse.

M'mawa uliwonse kunali masamu a m'mutu, tinkawatcha mento. Aphunzitsi ankaponya funso n'kumaloza mmodzimmodzi. Wolakwa ankakhala chiimire. Amene wakhoza ankapatsidwa kandodo ka bwemba kuti akwapule m'manja onse oimirirawo. Sikuti anayambitsa ndi aphunzitsi athuwo ayi. Masukulu ambiri ankatero, ndipo makolo ankayamikira kuti ndiyo njira yotsegulira mitu youma. Ukamenya monyengerera, aphunzitsi ankakulanda ndodo n'kukuonetsa padzanja lako momwe amamenyera. Choncho za chifundo panalibe. Ndipo mu Sitandade 6 wokhoza nthawi zambiri ankakhala mmodzi yemweyo, achimwene.

Masiku amenewo kalasi limodzi munkakhala ana ndi akuluakulu omwe. M'kalasi la achimwene munali mnyamata wina wa ndevu zake, amene anali atagwirapo ntchito m'minda ya fodya ku Halale. Kumeneko anaona kuti ukapitawo umapita kwa okhala ndi pepala la sukulu, ndiye anabwerera kudzalifuna pepalalo. Sanali wandewu, sanali wolankhulalankhula. Koma mento inkamukana. M'mawa uliwonse ankaima, thunthu lonse lija, n'kutambasulira dzanja kamwana komulekeza pachifuwa. Aphunzitsi ankamutcha bambo a kalasi, atsikana n'kumaseka chobisa kukamwa. Ife kuseri kwa mphasa tinkangomva kulira kwa ndodo. Iye sanalirepo, ndipo achimwene ankati sanakwinyepo nkhope.

Tsono ana a sukulu tinali ndi mwambo wathu wotchedwa kutsekera. Munthu akakulakwira mkati mwa teremu sunkamumenya, poopa chilango. Unkangomuuza kuti udzatsekera pa iye, kutanthauza kuti mudzaonana panjira tsiku lotsekera sukulu, aphunzitsi atasiya kukulamulirani. Mwambowu unali ndi malamulo ake. Anthu ankazungulira, ankaunjika timilu tiwiri ta mchenga toimira mabere a amayi a omenyanawo, wina akaphwasula ka mnzake nkhonya zinkayamba. Wina akagwa kapena akanena kuti wagonja, anyamata akuluakulu ankaleretsa. Munthu ankapita kwawo ndi mlomo wotupa, pofika potsegulira nkhani yaiwalika.

Wandevu uja anawauza achimwene kamodzi kokha, pachitsime cha sukulu, ine ndili pomwepo. Anati, "Mfana, teremu ino nditsekera pa iwe." Ananena motsitsa ngati akupempha madzi akumwa.

Ine pakamwa panga sipankagona nkhani. Ndinauza amayi, amayi anauza abambo, n'kupempha kuti tsiku lotsekera mwanayo angokhala pakhomo. Abambo anaseka. Anati nawonso pa unyamata wawo anatsekeredwapo, ndipo mano awo onse alipo. Komanso tsiku limenelo ndi pamene ankalengeza zotsatira za mayeso a teremu pamaso pa sukulu yonse, ndiye sizikanatheka kuti aitane nambala wani, mwana wa mkulu wa mpingo, iye atabisala kunyumba ngati wakuba nkhuku. Achimwene nawonso sanaope kwenikweni. Anandiuza kuti adzangogwa msanga, munthuyo akawamenya pang'ono mtima wake udzatsika. Nkhawa yawo inali pa malaya a yunifolomu, kuti angang'ambike.

Tsikulo linafika. Anaitanadi dzina lawo poyamba, ife tinawomba m'manja mpaka kuwawa. Pobwerera gulu lonse linaima pakamtsinje kamene tinkawoloka, pomwe panali mwala waukulu wafulati umene amayi a m'mudzi ankachapirapo. Achimwene anavula malaya aja, anawapinda bwinobwino n'kundipatsira kuti ndiwagwirire. Kunayamba tindewu tiwiri ta ana a Sitandade 2, tonse tikufa nato nseko. Kenaka wandevu uja analowa m'bwalo.

Sanaunjike mchenga. Sanakunge nkhonya. Achimwene ataona choncho ananeneratu kuti agonja, anthu n'kuseka. Iye anangowagwira pamkono monga ugwirira mwana powoloka msewu, n'kupita nawo pamwala paja. Tinkaganiza kuti akufuna awagwaditse kuti apepese, ndipo ena anali akusekabe. Anawagwetsa chafufumimba, anatsamiza bondo lake pamkono wawo, natambasula dzanja lamanja pamwalapo, chala chilichonse pachokha.

"Ndi ili, eti?" anafunsa.

Anatola mwala wina waukulu ngati woperera mapira, n'kuutsitsa. Phokoso lake linali ngati la mapesi ouma ukawaponda. Anaunyamulanso, n'kuutsitsanso. Achimwene poyamba sanalire, anangotsegula pakamwa mawu osatuluka. Pamene kulira kunabwera, sindinazindikire kuti ndi mawu a munthu wa kwathu.

Palibe anasuntha. Mpaka lero ndimadabwa. Panali anyamata amphamvu zawo, omwe aja oleretsa, koma onse anangoti kakasi, chifukwa chimene ankadikira kuti aleretse chinali ndewu, ndipo apa panalibe ndewu. Ineyo wolongolola uja ndinangoima, malaya ndafungatira pachifuwa, mkodzo ukutsika m'miyendo. Wandevu uja anataya mwala, anasamba m'manja mumtsinjemo mosafulumira, n'kuyamba kuyenda. Gulu linapatuka lokha kumupatsa njira.

Dzanjalo ndinalikulunga ndi malaya a yunifolomu omwe aja. Bambo wina wodutsa ndi njinga anawakweza achimwene mpaka kumsewu ku Lirangwe, kumeneko anapeza lole yopita ku Blantyre. Kuchipatala anadula zala ziwiri. Zotsalazo zinapola zitapindika, zosagwira ngakhale supuni. Abambo atabwerako kokawaona anakhala pakhonde osavula nsapato za kuntchito, ndipo kwa nthawi yoyamba sanatsogolere pemphero la madzulo.

Amayi ankafuna apolisi. Akuluakulu a mpingo anawakhazika pansi n'kuwauza kuti nthawi zino si zoitanira apolisi m'mudzi; akabwera ndi galimoto yawo satenga mmodzi, ndipo banja lathu lidzatchuka kuti ndi la ogwirizana ndi Chitaganya. Komanso mwini mlandu anali atasowa kale, zinkamveka kuti wabwerera ku Halale. Amayi ake a wandevuyo anabwera ndi nkhuku, akukwawa ndi mawondo kuchokera pamphambano, akulira. Amayi anga sanailandire, koma sanawathamangitsenso. Anakhala pansi onse awiri, nkhuku ili pakati yomangidwa miyendo.

Aphunzitsi a Sitandade 6 nawo anabwera kudzapepesa, atavala tayi. Anati Satana anamulowa mnyamata uja, anati moyo wa kunja umawononga ana athu. Abambo ankangovomera ndi mutu. Ine ndinali kuseri kwa chitseko, magazi akuwira. Ndinkadikira kuti wina atchule ndodo ya bwemba, atchule amene ankaiika m'dzanja la mwana m'mawa uliwonse n'kumuuza kuti menya kwambiri. Palibe anaitchula. Amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma kwathu zinatembenuka: anadya ndi wamkulu, zinapota mwana. Aphunzitsiwo anamwa tiyi wathu mpaka kutha, n'kutsanzika.

Mayeso aakulu aja achimwene analemba ndi dzanja lamanzere. Mayankho onse anali m'mutu, koma cholembera chinkakana kuthamanga, ndipo nthawi inatha asanafike n'pakati pomwe. Dzina lawo silinatuluke. Sanafunenso kubwereza. Ankakhala pakhomo kuyang'anira mbuzi, dzanja lija ali nalo m'thumba la kabudula, ndipo dzuwa likapendeka ankandiitana kuseri kwa nkhokwe kuti andiphunzitse matebulo a masamu, akulemba padothi ndi chala chamanzere. Ankandikalipira ndikachedwa kuyankha. Abambo nawo anayamba kufunsa za sukulu yanga, chinthu chimene kale sankachita.

Chaka chotsatira aphunzitsi omwe aja anapatsidwa kalasi lathu. Ndinkaganiza kuti pambuyo pa zonsezi mento isintha. M'mawa woyamba analowa ndi kandodo katsopano ka bwemba, kosenda bwino, n'kukaika pathebulo.

Anaponya funso: seveni taimusi eyiti. Woyamba analakwa, wachiwiri analakwa, mzere wonse wa kumbuyo unaimirira. Kumeneko n'kumene kunkakhala anyamata akuluakulu, ena mawu atayamba kale kukhuthala. Chala cha aphunzitsi chitafika pa ine, onsewo anatembenuka kundiyang'ana. Yankho ndinkalidziwa ngati dzina langa, achimwene anali atandifunsa lomwelo dzulo lake.

Ndinati fifite foro.

Aphunzitsi anandiyang'anitsitsa. Anati ndiganize bwino, mlongo wake wa katswiri uja sangalakwe kotere. Ndinabwereza fifite foro, mokweza kuposa poyamba. Anakhoza mnyamata wina wa kutsogolo, anapatsidwa ndodo, ndipo atafika pa ine ndinatambasula dzanja. Kunawawa kuposa mmene ndinkaganizira, koma mtima unakhala pansi.

Madzulo kuseri kwa nkhokwe achimwene anaona mikwingwirima m'chikhatho changa. Anafunsa funso limene ndinalakwa, ndinawauza. Anati limenelo ndimalidziwa. Ndinavomera kuti ndimalidziwa. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, kapena akandinenera kwa abambo. Koma anatulutsa dzanja lija m'thumba, limene sankafuna kuti munthu alione, n'kutembenuza nalo chikhatho changa kuti aone bwino pomwe ndodo inadutsa.

"Mawa ukawapatse lamanzere," anatero. "Lamanjali ulisunge."