Mphete Imene Abambo Sanaione

Mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbuka madzulo aja. Ndinali mphunzitsi wa sayansi pasukulu ina cha ku Nsaru, ndipo mnzanga wa m'tauni anandibwereka telesikopu, chipangizo choonera zakumwamba, kwa tsiku limodzi lokha. Ndinainyamula pamiyendo m'minibasi ngati khanda.

Ndinaibwerekera abambo anga. Maso awo anali atachita ng'ala, ndipo kuchipatala anati chaka sichitha akuona. Ndi iwo amene anamva pa wailesi kuti akatswiri akusakasaka mphete zosaoneka bwino, zafumbi lokhalokha, zozungulira mapulaneti akutali. Ankandifunsa kawirikawiri ngati nzoona. Ndinawauza kuti zafumbizo ife sitingazione, koma ilipo pulaneti imodzi imene mphete yake imaoneka.

Mdima utangoyamba ndinaipeza, kadontho kachikasu kovala kamphete kopyapyala, kali chakumadzulo pamwamba pa mabulugama. Nthawi inali yochepa. Koma amayi anali atalengeza kale kutchalitchi! Ndinangoona akuluampingo asanu akutsamiritsa njinga pankhokwe.

Ndinawagwira dzanja abambo kuti ayambe ndi iwo. Anakana. Akuti mwininyumba sangatsogole alendo ali chiimire. Ndinawanong'oneza kuti pulanetiyo ikulowa, iwo n'kundiyang'ana ngati ndatukwana.

Ndiye alendowo, aliyense akafika ankachigwira chipangizocho ndi manja awiri ngati mpini wa khasu, n'kuchisuntha. Ine ndiyambirenso kusaka. Wina anandiwalitsa tochi m'maso, akuti akundithandiza. Wina ataona kale anapemphanso kachiwiri, poti koyamba anatsinzina diso lolakwika. Ulemu wanji umenewo? Ndinkangovomera mwaulemu, mano ndikukukuta.

Nthawi yawo itafika, abambo anawerama n'kukhala pamenepo kanthawi.

"Ndaiona, mwanawe. Ndi yokongola."

Alendo anawomba m'manja. Ine nditaikapo diso ndinangoona mdima wa masamba a bulugama. Pulaneti inali italowa kale.

Sindinawatsutse pamaso pa anthu. M'mawa mwake ndinakabweza telesikopu. Pofika nthawi yowokera fodya, abambo ankayenda chogwira khoma.

Akuluampingo aja ndimakumana nawo Lamulungu lililonse, ndipo moni ndimawapatsa. Amene ndimawakwiyirabe ndi abambo. Mpaka tsiku limene anatisiya ankauza aliyense wobwera kudzawazonda kuti mwana wawo anawaonetsa mphete yakumwamba, ine ndili pompo, ndikugwedeza mutu kuti inde.