Bwemba wathu amupaka penti wofiira

Lachiwiri m'mawa tinapeza mtengo wa bwemba utapakidwa penti wofiira. Mtengowu uli pafupi ndi geti la sukulu yathu kuno ku Bwanje, ndipo pansi pake ndi pamene aNangozo amagulitsira zitumbuwa nthawi ya buleki. Iwowa ndi mayi wamasiye, amadwala matenda othamanga magazi, ndipo kuchipatala anawaletsa kukhalitsa padzuwa. Inu amene mumalidziwa dzuwa la kuno mwezi wa Okutobala mukumva zimene ndikunena.

Anapaka pentiyo ndi mtsikana wa ku bungwe lina limene likukonzanso bwalo la sukulu. Anatiwonetsa mapu okongola: kanjira kowongoka kuchokera pageti mpaka ku ofesi, kapinga uku ndi uku, ndi mizere ya mitengo yatsopano. Anati mitengoyo izidzayamwa mpweya wa kaboni umene ukutenthetsa dziko, ndipo iwo azidzayeza kunenepa kwake chaka ndi chaka kuti adziwe kuti yayamwa wochuluka bwanji. Ine ndinakondwa kwambiri. Zimene timaloweza mu Jogalafe zatipeza pakhomo!

Koma bwemba waima pakati penipeni pa kanjirako.

"Mwana wanga, mtengowu wakulakwirani chiyani?" anafunsa aNangozo.

"Amayi, tidula umodzi koma tibzala yambirimbiri."

"Ndiye ine ndizibisala pansi pa kamtengo kolekeza m'bondo? Kapena mundigulira ambulera?"

Tonse tinaseka. ANangozo eni ake sanaseke.

Ndinalimba mtima n'kufunsa kuti, "Achemwali, nanga mpweya umene bwembayu wasunga zaka zonsezi? Akamudula n'kukawotchera njerwa, ubwerera m'mwamba. Mumawuchotsera pa masamu anuwo?"

Anayang'ana mtengo uja, kenako anayang'ana pansi. "Sitichotsera. Amene amatituma amafuna kumva za mitengo imene tabzala ife. Imene taipeza siwerengedwa."

Musamuweruze mtsikanayu. Akanatha kundinamiza, ine wa Fomu 3 ndikanadziwa chiyani? Ntchitoyi ndi yake yoyamba, ndipo malamulowo sanalembe ndi iye. Masana ndinamuwona atakhala pansi pa bwemba yemweyo, nsapato atavula, akudya zitumbuwa za aNangozo.

Ndiponso tonsefe timawerengera chomwechi. Nyengo yobzala mitengo ikafika timavina, timajambulitsa, timalengeza kuchuluka kwa mbande. Ndani amabwerera m'chilimwe kukawona zimene mbuzi ndi chiswe zasiya? Timakonda kuwonkhetsa, kuchotsera ayi. M'kalasi ukatero aphunzitsi amakuthetha, ngakhale utalemba mwaukhondo bwanji.

Chimene chikundivuta n'chakuti masamuwa amapita kutali. Mtsikana uja anatiuza kuti kunja kuli makampani amene amatulutsa utsi wambiri, ndipo amauzidwa kuti mitengo ngati yathuyi ikuyeretsa utsi wawowo. Ngati tabisa zimene tadula, iwo azifukizabe ndi mtima uli m'malo, pamene mpweya sunachepe. Nanga mthunzi wa aNangozo? Tepi yoyezera siwudziwa n'komwe.

Sindikudana ndi ntchitoyi. Ndikufuna mitengo yatsopanoyo ibwere, ndipo ndalembetsa kale kuti ndizithirira.

Lachisanu mtsikana uja anabweranso ndi mapu ena amene anajambula yekha. Kanjira kakhota pang'ono n'kulambalala bwemba. Anati abwana ake akudandaula kuti njira yokhota siwoneka bwino pa zithunzi, choncho asiyira komiti ya sukulu kuti isankhe. ANangozo atamva anauza ana asukulufe kuti, "Ndiye kuti ndikapemphere kwa makolo anuwo."

Ena mwa makolo a m'komitiyo mukuwerenga pano. Mumayenda njira zokhota tsiku lililonse m'mizere ya minda ya mpunga, ndipo palibe amene anathyoka mwendo. Kodi mulola mayi wodwala akhale padzuwa kuti chithunzi chiwongoke?