Chidindo Changa ndi Ulembi wa Mng'ono Wanga

Chidindo cha gulu lathu ndimasunga ndine. Ndife azimayi a kumudzi kuno pakati pa Katete ndi Sinda, mukapatuka pa tala n'kuyenda ndithu mpaka miyendo iyambe kudandaula. Timalima nsawa, timaswa, timakazinga, n'kugaya chiponde choika m'mabotolo. Ine si wapampando ayi, ndipo sindinaufunepo mpandowo. Sukulu ndinalekera Giredi 5, chaka chimene amayi anathyoka mwendo potsika m'ngolo, ndiye mungaone nokha. Koma chidindo anapatsa ine chifukwa sinditaya zinthu. Khadi la sikelo la mwana wanga woyamba ndikali nalo, pamene mwiniwakeyo imvi zayamba kale.

Mlembi wathu anali mng'ono wanga wopondana nane. Iyeyo anafika Fomu 3, chizungu amachimva bwinobwino, ndipo makalata onse a gulu ankawerenga ndi kuyankha ndiye. Kenako shuga anamudya maso, pang'onopang'ono, mpaka anatsala n'kuona kuwala kwa pakhomo basi. Mwana wake wa ku Lusaka anamukonzera foni kuti izilankhula. Akaisisita ndi chala imanena zimene zalembedwa, mothamanga ngati munthu wosiya ndiwo pamoto. Chizungu imachitha. Chinyanja imachitafuna moti ungalire, koma iye anaizolowera. Moti ulembi anapitiriza, chifukwa masiku ano makalata ambiri amadzera pafoni pomwepo.

Koma m'gulu la azimayi mumadziwa mmene zimakhalira. Muli mayi wina, mkazi wa aphunzitsi opuma, amene anayamba kunong'ona pokazinga kuti mlembi wosaona adzatisainitsa zinthu zosadziwika. Zinanong'onedwa mpaka zinafika pamsonkhano. Nthawi imeneyo aboma anali atatiuza kuti tilembe malamulo a gulu bwinobwino m'chizungu ngati tikufuna kulembetsa. Ndiye anamvana kuti malamulowo akalembedwa, mlembi adzawawerenge pamaso pa tonse Lachinayi lina m'tchalitchi. Akadzatha, ulembi ndi wake. Akadzalephera, apereke buku ndi cholembera. Mng'ono wanga anavomera osaphethira n'komwe. Ulembi umenewo ndi umene unkamudzutsa m'mawa. Munda anali atausiyira ana, kwaya anasiya chifukwa chopunthwa pamasitepe, chotsala chinali chimenecho.

Tsono ndikuuzeni za mayi wa laputopu, chifukwa popanda iye nkhaniyi siyenda. Ndi mayi wa ana awiri, mwana wa Asilamu ena ogulitsa nsalu pa Katete, aja anachokera ku Malawi kalekale. Alibe bwana, alibe ofesi. Amakhala kuseri kwa shopu ya bambo ake, pakati pa mipukutu ya zitenje, n'kumakonzera anthu mawebusaiti ndi zikalata za pakompyuta. Ena a ku Chipata, ena a ku Lusaka, ena sanawaonepo nkhope. Ine poyamba ndinkati ameneyu ndi lova wovala bwino. Tinamupeza chifukwa tinkafuna tsamba la pa intaneti loti a m'tauni aziona chiponde chathu.

Anatitopetsa mayi ameneyo. Ife tinkafuna zilembo zachikasu pamwamba pa chitenje chathu cha gulu, chija cha maluwa, ndiponso nyimbo yathu iziyamba yokha munthu akangotsegula. Iye anakana zonse. Anandikokera panja padzuwa, n'kundipatsa foni kuti ndiwerenge zachikasuzo. Ndinalephera, koma ndinamuuza kuti vuto ndi dzuwa la Okutobala osati chitenje. Nyimbo anati imamaliza bando ya intaneti ya anthu, komanso imasokoneza foni yolankhula ija. Chithunzi chilichonse ankafuna chikhale ndi mawu ofotokoza kuseri kwake. Anandifunsa kuti pachithunzi china pali chiyani, ine n'kuti botolo la chiponde, si mukuliona? Iye n'kumafunsabe kuti lalikulu bwanji, chivindikiro chake n'chotani, chiponde chosalala kapena chamiyalamiyala. Maulendo atatu a minibasi chifukwa cha botolo. Ulendo wachitatuwo ndinakhala pafupi ndi munthu wonyamula atambala awiri, mmodzi anandijompha pachigongono, chipsera chilipo.

Koma mng'ono wanga ankamukonda. Ankati kuchokera pamene maso anapita, ameneyu yekha ndiye amamufunsa kuti zikumveka bwanji, ena onse amangomuuza kuti zili bwino.

Ndiye malamulo aja tinamupatsa yemweyo kuti awatayipe kuchokera m'kope lathu. Anawakonza mwanjira yake, mutu uliwonse pawokha, kuti foni izitha kudumpha kuchoka pa mutu wina kupita pa wina. Anakhala pansi ndi mng'ono wanga masana athunthu akuyesa, n'kupeza malo angapo ofunika kukonza. Atamaliza kukonza, Lolemba la sabata ya msonkhano, anatumiza pafoni yanga. Musafunse kuti bwanji sanatumize kwa mwiniwake. Mng'ono wanga yemweyo ndiye anamuuza kuti chikalata cha gulu chimayamba chadutsa kwa wosunga chidindo, ndiwo mwambo wathu, ndipo sankafuna kuti anthu anene kuti wazembetsa kanthu. Mayi wa laputopu anandiimbira n'kunena kuti, "Amayi, mungochitumiza mmene chililimu, osachisintha."

Ndinamva. Sindikana, ndinamva ndithu. Koma nditachitsegula ndinaona masamba oyera mbee, opanda chidindo. Inu, kwathu kuno pepala lopanda chidindo ndi pepala lokulungira zitumbuwa. Kuchipatala amadinda, kusukulu amadinda, kalata yosamutsira ng'ombe amadinda. Malemu amuna anga anabwezedwapo pa Katete atapalasa njinga kuchokera mbandakucha, chifukwa kalata yawo inalibe chidindo. Ndipo ndinkamudziwa mkazi wa aphunzitsi uja. Akanangoimirira n'kufunsa kuti malamulo osadindawa achokera kwa yani. Ine ndinkateteza mng'ono wanga, ndimo mmene ndinkaonera.

Lachitatu ndinavala nsapato zanga zolimba, ulendo wa ku Sinda. Pashopu ya mafotokope ananditulutsira masamba onse. Ndinadinda tsamba lililonse, pansi kudzanja lamanja, inki yake yatsopano, chidindo chooneka ngati cha kwa DC. Kenako ndinayala masambawo pakauntala n'kuwajambula ndi foni limodzilimodzi. Ndinatumiza kwa mng'ono wanga ndi kwa azimayi onse amene ali ndi mafoni otere. Chija chosadinda ndinachifufuta, kuti pasakhale ziwiri zokanganitsa anthu, komanso foni yanga imangodandaula kuti yadzaza chifukwa cha mavidiyo a adzukulu. Sindinasinthe liwu ngakhale limodzi. Pobwerera ndinadzigulira fanta, mtima uli mbee.

Mng'ono wanga sanayese madzulo amenewo. Foni yake inali kotchajitsa kwa mwini sola, ndipo kwawoko netiweki imagwira pachulu pokha. Anakaitenga Lachinayi m'mawa, tinaima pachulupo mpaka zonse zitalowa, basi ulendo kutchalitchi. Analibe nkhawa, si anali atayesa kale tsiku lija ndi mayi wa laputopu.

Tinapemphera, wapampando anapereka mpata. Mng'ono wanga anaimirira atavala chitenje cha gulu, kachingwe ka foni kukhutu limodzi, n'kusisita.  Anasisitanso. Kenako anachotsa kachingweko kuti tonse timve, foni n'kunena liwu limodzi lachizungu. Anapita tsamba lina, liwu lomwelo. Tsamba lina, lomwelo.

"Ikuti chithunzi," anatero. "Paliponse ikungoti chithunzi."

Tinayesa kuimbira mayi wa laputopu, osapezeka. Anali atapita ku Vubwi kukakonzera sukulu ina zikalata, ndipo kumeneko foni imatha kugwira netiweki ya ku Malawi kapena kungofa. Mng'ono wanga anayamba kunena malamulowo pamtima, ndipo anali kuwakhoza, koma mkazi wa aphunzitsi anati kuloweza si kuwerenga, ngakhale mwana wa Sande sukulu amaloweza. Apo ine magazi anandikwera. Ndinaimirira n'kuti ndimuwerengera ndine, si ndife a mimba imodzi. Ndinayamba kugwagwaduka ndi chizungu cha Giredi 5 cha zaka makumi angati zapitazo, anthu akutsokomola, wina akuseka m'chitenje. Ndinangoonjezera moto. Zinaoneka ngati mlembi wathu amayendera maso a mkulu wake amene nayenso sawerenga. Azimayi anakweza manja posankha mlembi, ndipo ambiri anapita kwa mkazi wa aphunzitsi. Mng'ono wanga anapapasa m'chikwama, natulutsa buku ndi cholembera, n'kuziika pabenchi. Tinauyamba wa kunyumba. Amene ndinalankhula ndine, njira yonse, kutukwana mayi wa laputopu ndi makina ake.

Loweruka ndinakwera minibasi kukamuthira mawu. Ndinamupeza wabwera, akudya chinangwa kuseri kwa nsalu. Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera, kenako anapempha foni yanga. Atayang'ana anaika chinangwacho pansi.

"Amayi, chimene ndinakutumizirani chili kuti?"

Ndinamuuza kuti ndi chomwecho, kungoti ndinachidinda.

Anandifotokozera mofatsa, ndipo kufatsako ndi kumene kunandipweteka. Anati chimene anakonza chinali ndi zilembo zenizeni m'kati, zimene foni imazigwira n'kuzinena. Ine nditajambula ndinaipatsa chithunzi cha pepala, ndipo kwa foniyo chithunzi cha pepala n'chimodzimodzi chithunzi cha mbuzi. Anati mafoni ena atsopano amayesako kuwerenga zithunzi, koma osati ya mng'ono wangayo, ndiponso osati zithunzi zopendekera zokhala ndi mthunzi wa mutu wanga pakati. Anati chidindocho akanatha kuchilowetsa m'kati momwemo, ndi mawu ake onena kuti apa pali chidindo cha gulu, ndikanangonena. Ine n'kumufunsa kuti nanga bwanji sanandiuze kuti kujambula n'kusintha? Iye anati sanaganizepo kuti munthu angakwere ulendo wa ku Sinda kukachita zimenezo. Ndiye vuto la anthu ophunzira limenelo. Amaganizira wosaona, amaganizira wa bando yochepa, amaganizira dzuwa, koma chidindo osachiganizira, chikhalirecho anabadwira pa Katete pomwepa.

Komabe wolakwa ndinali ine, ndipo ndinakamuuza mng'ono wanga tsiku lomwelo, ndisanavule ndi nsapato zomwe. Anali akuswa nsawa pakhonde. Sanasiye kuswa. Anangofunsa kuti, "Akulu, munadinda masamba onse?" Ndinati onse. Anagwedeza mutu, n'kupitiriza.

Msonkhano wotsatira ndinaimirira n'kuulula zonse. Mukudziwa zimene azimayi aja anayankha? Anati ndinachita bwino. Anati akanakhala iwo akanachita chimodzimodzi, pepala losadinda ndani angalikhulupirire. Ine ndikudziimba mlandu, iwo akundiombera m'manja. Ndinachita kukalipa kuti amve kuti ndikunena kuti ndinalakwa. Kenako mng'ono wanga anatsegula chikalata chenicheni chija, chimene mayi wa laputopu anamutumizira yekha ulendo uno, chidindo chili m'kati. Anawerenga kuyambira mutu woyamba mpaka womaliza, foni ikunong'ona kukhutu, iye akumasulira m'Chinyanja. Wina anamuyesa kuti abwerere pa lamulo la maliro, anabwerera pomwepo osasochera. Nthungululu zinalira ndithu.

Koma wapampando anati chisankho chinachitika kale, ndipo dzina la mlembi watsopano linapita kale kuboma pafomu. Kukalisintha ndiye kuyambiranso mizere ya kumaofesi. Anati mwina mng'ono wanga akhale wachiwiri kwa mlembi, azithandiza makalata achizungu akavuta. Mkazi wa aphunzitsi anavomereza mofulumira kwambiri, chifukwa kalata imodzi inali itamukanika kale.

Mng'ono wanga anakulunga kachingwe kake pachala, n'kunena kuti, "Zikomo amayi. Ndinangofuna mumve kuti ndimawerenga. Makalatawo awerenge amene munawakwezera manja."

Sanabwererenso pa ulembi, ngakhale anamupempha kawiri nyengo yokolola. M'gulu alimobe, amakazinga nafe, koma pamsonkhano amakhala kumbuyo ndipo sayankhira kanthu. Masiku ano Lachiwiri lililonse amapita ku Katete kuseri kwa shopu ya nsalu. Mayi uja akamaliza webusaiti ya anthu ake amayamba wamupatsa iye kuti aiyende ndi khutu, anene pamene foni yakakamira ndi pamene batani lilibe dzina. Akuti ndi ntchito, ndipo amabwerako atagula sopo ndi shuga wa adzukulu. Womuperekeza ndine. Ndimamugwira mkono pokwera minibasi, ndimamunyamulira chikwama, ambulera, botolo la madzi ndi mankhwala. Foni yokha ndiye ayi, amaiika m'bulauzi, ndipo ndikati ndimugwirire pamene akukwera amati zikomo akulu, ili bwino pomwe ilipo.