Loboti la Rokhaya ndi Thovu la Tiyi

Tiyi wotentha anakhuthukira pa mkanjo woyera wa aphunzitsi, kalasi yonse n'kufa nacho chiseko. Loboti lothira tiyi limene Rokhaya anapanga linali lalephera kachiwiri. Lamulo la pakoleji yawo mumzinda wa Thiès silinkanyengerera: ukalephera katatu, uzipita kwanu.

Kwawo kwake kuti? Mtsikanayu anakula akugulitsa madzi pa depoti ya basi. 

Vuto linali thovu. Kwathu kuno tiyi wa ataya, amene timamwa matambula atatu motsatizana, akakhala wopanda thovu ndi chipongwe kwa mlendo. Koma kamera ya loboti sinkasiyanitsa thovu ndi tiyi, ndiye lobotilo silinkadziwa polekezera kuthira. Pa kompyuta zinkayenda bwinobwino, poti madzi ongoyerekezera sachita thovu. Pa tambula yeniyeni, mayo ine!

Anasintha kamera. Anasintha nyale. Anapaka tambula utoto, n'kuufufutanso. Masabata atatu osakhazikika, chakudya osachimva kukoma.

Lachisanu masana anatulukira ku shopu ya amalume ake, a Ousseynou, telala wolongolola kwambiri. Anawapeza akuthira tiyi ketulo ili m'mwamba, maso ali pa mnzawo amene ankakangana naye za masewera ogwetsana. Dontho osagwa pansi ngakhale limodzi.

"Malume, mukuthira bwanji osayang'ana?"

"Ndiyang'ane tambula, wabodza uyu ndimusiyire ndani? Ikamadzaza imalira mosiyana. Kodi kusukuluko anakudulani makutu?"

Rokhaya anadzambatuka, liwiro.

"Iwe wamwano! Tambula yachiwiri sunamwe!"

Anachotsa maikolofoni mu foni yakufa n'kuimangirira pa mkono wa loboti. Anathira tiyi kokwana mazana asanu ndi limodzi, loboti likumvetsera. Linatayabe. Njinga yamoto ikadutsa panja, linkasokonezeka. Analira, ndikunena zoona, koma m'mawa mwake anayambiranso, mawindo ali otsegula dala kuti loboti lizolowere phokoso.

Tsiku la mayeso omaliza, mkono uja unakweza ketulo. Tiyi anatsika ngati ulusi, kulira kwa tambula kukunka kukwera. Rokhaya anatsinzina. Kenako zii.

Atatsegula maso, tambula inali yodzaza, thovu lili nenene pamwamba, tebulo louma. Aphunzitsi analawa.

"Shuga wachepa," anatero. "Koma chaka chamawa tili nawe."

Ndiye inu mwagwa kawiri, mwayamba kale kudzitcha mbuli? Ayi ndithu. Mwina mwangokakamira njira imodzi. Dzukani, kayeseni ina, osataya mtima.