Mawu a Sengodan

Sengodan wakhala akumenyedwa kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Ndiyo ntchito yake. M'mafilimu athu kuno ku Chennai, ngwazi ikaponya chibakera pamafunika munthu woti auluke n'kukagwera pa ngolo ya tomato, ndipo kawirikawiri munthuyo amakhala iyeyo. Ine ndimanyamula nyali ku Kodambakkam, komwe timajambulira mafilimu, ndiye ndamuwalitsira kambirimbiri: msana, nkhongo, zidendene zili m'mwamba. Nkhope ayi. Nkhope ya munthu wogwa ilibe ntchito.

Ndi munthu wa phee. M'mawa amadya idli zinayi, timikate tampunga, n'kugwira mapazi a mkulu wophunzitsa ndewu mwaulemu, basi n'kuyamba kugwa. Akati bwereza, amabwereza. Mawu ake ndi aakulu ngati ng'oma, koma owadziwa ndife ochepa.

Mkazi wake, Valliammai, shuga adamutseka maso zaka zitatu zapitazo. Kale ankapita kukanema n'kumaloza kuti, "Msana uwo ndi wathu." Atasiya kuona, anasiyanso kupita.

Chaka chatha tinkajambula filimu ya ndewu ndi nthabwala. Wanthabwala wina sanabwere, ndiye wotsogolera filimu analoza Sengodan.

"Iwe mdala, umatha kuyankhula?"

"Pang'ono, bwana."

Anamupatsa chiganizo chimodzi choti anene asanamenyedwe: "Bwana, kumaso kokha ayi, mawa ndili ndi ukwati." Anachinena ndi mawu ake aja, nkhope ili gwaa, mpaka ngwaziyo inaphulika kuseka. Sengodan atafika kunyumba anauza mkazi wake kuti ulendo uno akamumva.

"Musandiuze mawuwo," anatero Valliammai. "Ndikakudziwani ndekha."

Tsono kuno mawu satengedwa pojambula. Pamakhala phokoso la majenereta, mabasi, akhwangwala. Amakawaika pambuyo pake m'chipinda chotseka. Wothandizira wotsogolera anamuuza kuti, "Tikuyimbirani, achimwene." Sengodan anayenda ndi foni m'thumba la malaya miyezi inayi. Sinalire. Ine ndinali nditamva kuti anaika mawu a munthu wina, koma ndinangokhala chete. Musandifunse chifukwa. Sindinamve chisoni, sindinamve kanthu, ndinangoti si zanga. Sengodan mwini anadzinamiza kuti mwina anatenga mawu aja a pamalo ojambulira.

Tsiku loyamba la filimu tinapita atatu nthawi ya 10 m'mawa. Valliammai anavala sari ya silika ndi maluwa kumutu. Panja anthu ankathira mkaka pa chithunzi chachikulu cha ngwazi, pansi poterera, ndiye ine ndinamugwira dzanja lina.

Mkatimo Valliammai anakhala atapendeketsa mutu. Pasanathe ola chigawo chija chinafika. Nkhope ya Sengodan inadzaza khoma lonse, kwa nthawi yoyamba m'moyo wake. Pakamwa panatseguka, n'kutuluka timawu topyapyala, tam'mphuno, ngati ta kamwana ka mbuzi. Holo yonse inagwa ndi phwete, malikhweru ali pyoo. Valliammai anaseka mpaka misozi.

"Nthiti zanga ine. Inu, kachitsiru kameneka ndi ndani?"

"Wina wake," anatero Sengodan.

"Nanga inu?"

"Dikira."

Anadikira. Pa nthawi yopuma anakana tiyi. Munthu wakumbuyo akatsokomola ankamuzazira kuti akumusokoneza kumva. Sengodan ankangoyang'ana kutsogolo, manja ali pa mawondo. Ine ndinkadya mtedza.

Magetsi atayaka Valliammai anafunsa, "Anakudulani eti?"

"Eya, anandidula."

"Alibe nzeru. Mlamu, mwamva? Kutaya munthu wamawu n'kusunga kambuzi."

"Ndamva, mlamu," ndinatero.

Filimuyo inakhala masiku zana m'makanema. Olemba nyuzi anati ndewu zake n'zachikale, koma chigawo cha ukwaticho anachitama onse. Oyendetsa njinga zamoto amachinena apolisi akawaimitsa. Sengodan anayenda khomo ndi khomo mumzere wa kwawo kupempha kuti pasapezeke wouza mkazi wake, ndipo mpaka lero palibe wamuuza. Kuntchito anabwerera pa ngolo ya tomato.

Sabata yatha ndinakadya kwawo. Valliammai akutipakulira mpunga anamva kuti mwamuna wake wangoti zii, ndiye anafuna kumusangalatsa. Anafinya mphuno n'kuti, "Bwana, kumaso kokha ayi, mawa ndili ndi ukwati." Anaseka yekha, kenako anafunsa ngati wakayerekeza bwino kamunthu kaja.

"Ndendende," anatero Sengodan.